Ndalama Zasonkhedwa Kale, Ndibwerera Bwanji?

Ku Britain munthu akafuna kuthandiza bungwe lachifundo amalonjeza kuti adzizunza. Wina athamanga London Marathon, wina ameta mpala, wina akwera phiri, ndipo abale ndi anzake amaponya ndalama pa tsamba la intaneti ngati la JustGiving. Wopereka akakhala wokhoma msonkho, boma limawonjezerapo 25p pa paundi iliyonse kudzera mu Gift Aid. Mwambowu ndi wabwino ndipo wapindulira odwala ambiri. Koma ndalama zimabwera ulendo usanayambe, ndiye wokwera phiri amanyamuka ali kale ndi mtima wa munthu wangongole.

Mtsikana wina wobadwira ku Blantyre koma wokulira ku Manchester anayamba kudwala m'mimba atangolowa ku yunivesite. Kuchimbudzi ankapita kakhumi kapena kuposa pa tsiku, nthawi zina kukatuluka magazi okhaokha. Anaonda mpaka masiketi kumagwa m'chiuno. Abale akumudzi ataimva nkhaniyi pa foni, ena anati ndi kamwazi, ena anati njoka zam'mimba, azakhali ake anachita kunong'ona kuti mwanayo anadyetsedwa. Madokotala nawo sanafulumire kutchula dzina la matendawo. Anayamba amuyeza TB, chifukwa TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi zimene ankaziganizira, ndipo mankhwala a matenda enawo akhoza kuikolezera TB ngati ilipo. Atalowetsa kakamera m'matumbo n'kutapa kanyama kokapima, anapeza kuti ndi matenda a Crohn.

Dzinali ndi la Burrill Crohn, dokotala wa ku New York amene pamodzi ndi anzake awiri anawafotokoza matendawa mu 1932. Ali ndi m'bale wake wotchedwa ulcerative colitis. Onsewa sapatsirana, ndipo sabwera chifukwa choti munthu wadya zonyansa. Chitetezo cha m'thupi, chimene chimayenera kulimbana ndi tizilombo, chimatembenukira matumbo a mwiniwake n'kuwatupitsa, kuwachititsa zilonda. Colitis imagwira matumbo aakulu okha, pomwe Crohn imatha kugwira paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira, makamaka kumapeto kwa matumbo aang'ono. Mankhwala ochiziratu Crohn kulibe. Alipo ongoigoneka, ndipo ikagona munthu amatha chaka kapena zaka ali bwinobwino, mpaka tsiku lina idzadzuke. Bungwe la Crohn's & Colitis UK, limene linayamba mu 1979, limanena kuti anthu oposa 500,000 m'dzikomo ali ndi matendawa. Mamembala ake limawapatsa kakhadi kolembedwa kuti Can't Wait, koonetsa m'sitolo kuti akulole kulowa m'chimbudzi msangamsanga. Moyo wa wodwalayu uli pa kakhadiko: kulikonse kumene wafika, maso amayamba afufuza kumene kuli chimbudzi.

Ndi matenda amanyazi. Okonda Manchester United akukumbukira Darren Fletcher, amene anavutika ndi colitis kwa zaka anzake ambiri osadziwa, mpaka mu December 2011 pamene timu inalengeza kuti wayamba wapuma. Anachitidwa opaleshoni mu January 2013 ndipo anadzabwereranso m'bwalo. Shinzo Abe anatula pansi udindo wa nduna yaikulu ya Japan mu 2020 chifukwa cha matenda omwewa.

Mtsikana wathuyu anapatsidwa jakisoni wa adalimumab, wodzibaya yekha pantchafu milungu iwiri iliyonse. Anamuyanja. Thupi linabwerera, ntchito anaipeza, ndipo patatha zaka zitatu matenda ali chigonere analembetsa ulendo wokwera Kilimanjaro kuti asonkhere ndalama bungwe lina lothandiza odwala matumbo. Anaima kutsogolo kutchalitchi n'kufotokoza matenda ake osapsatira, magazi ndi chimbudzi zomwe, pamaso pa azimayi amene ankamudziwa kuyambira ali mwana. Kwa ine kulimba mtima kwake kwenikweni kunali pamenepo, kuposa za phiri zonse. Anthu anapereka. Anzake akuntchito anagulitsa makeke. Amalume ake ku Lilongwe anatumiza kangachepe kamene atasintha kukhala mapaundi kanachita manyazi, koma iye anadziwa kuti ndi ndalama ya feteleza. Maulendo oterewa amakhala ndi mlingo wa ndalama zimene wokwera ayenera kupeza, mapaundi masauzande angapo, gawo lina lolipirira ulendowo, lotsala la bungwe. Anaukwanitsa mlingowo nthawi ikadalipo.

Kukwera phiri uli ndi Crohn si mlandu. Ambiri akwera n'kutsika bwinobwino, ena ali ndi thumba lachimbudzi pamimba. Chimene chinamugwetsa mtsikanayu chinayamba kutatsala milungu isanu kuti anyamuke, pamene anaona magazi pa pepala lam'chimbudzi. Kenako anayamba kudzuka usiku kawiri katatu. Zizindikirozi ankazidziwa ngati dzina lake. Chipatala chake chinali ndi nambala ya anamwino a matendawa, yoimba zikangoyamba kutero, ndipo nambalayo inali mu foni mwake. Sanaimbe. Ankadziwa zimene akamuuze: kuyeza magazi ndi chimbudzi, mwina mapiritsi a prednisolone, ndiponso mawu amene sankafuna kuwamva, akuti ulendo uyambe waima. Inshuwalansi ya ulendo anali atagula ali bwino, ndipo pepala lake linkanena kuti thanzi likasintha munthu asananyamuke adziwitse kampani. Nakonso anakhala chete.

Amayi ake anaona.

"Iwe, nkhope yakoyi ine sindikuimvetsa. Zayambanso eti?"

"Ayi amayi, ndi kutopa chabe. Mapiri tikuyesererawa."

"Usandinamize mwana wanga. Usiku ndikumamva chitseko."

"Nanga amayi, anthu apereka kale ndalama zawo. Amalume atumiza ya feteleza. Ndikawauza kuti chiyani?"

Amayiwo anangoti kukamwa pululu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mimbayo sinali yawo.

Kilimanjaro ndi lotalika mamita 5,895. Gulu lawo linadzera njira ya Machame, imene imayambira pa mamita pafupifupi 1,800 m'nkhalango yonyowa. Usiku woyamba womwe amagona pafupi ndi mamita 3,000, kutanthauza kuti wafika kale msinkhu wa Sapitwa pa Mulanje, amene ndi mamita 3,002, ulendo usanayambe n'komwe. Pansonga, mpweya umene munthu amakoka kamodzi umakhala ndi okosijeni pafupifupi theka la wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Matumbo nawo amaimva njala ya mpweyayi. Madokotala a ku Zurich anafalitsa kafukufuku mu 2014 wosonyeza kuti mwa odwala Crohn ndi colitis amene matenda awadzukira, ambiri kuposa anzawo anali atakwera ndege kapena kupita malo okwera kuposa mamita 2,000 m'milungu inayi ya m'mbuyo. Mtsikanayu anachita zonse ziwiri matenda atadzuka kale, magazi m'thupi ali ochepa chifukwa chotaya.

Tsiku lobaya jakisoni linagwera pakati pa ulendo. Mankhwalawa amasungidwa mu furiji ndipo akaundana ndi chisanu amawonongeka. Akanafunsa anamwino, akanamuthandiza kusuntha tsikulo kapena kumuuza kanyamulidwe kake. Iye anangowasiya mu furiji ya pa hotela ku Moshi, m'munsi mwa phirilo, ati adzabaya akatsika.

Pa msasa wa Shira mutu unayamba kuwaza, monga umachitira kwa ambiri pa mamita 3,800. Mnzake wa mu tenti anatulutsa ibuprofen, mapiritsi amene okwera mapiri amagawana ngati maswiti. Wodwala Crohn aliyense amauzidwa tsiku loyamba kuti ibuprofen, diclofenac ndi anzawo ndi oletsedwa chifukwa amatha kutukusira zilonda za m'matumbo, ndipo wololedwa ndi paracetamol. Anamwa awiri, mawa lake enanso awiri. Kuti asamachedwetse gulu pothamangira kuseri kwa miyala, anayamba kumwa loperamide, mankhwala otseka m'mimba amene madokotala amaletsa matendawa akadzuka, chifukwa matumbo otupa akaumitsidwa amatha kufufuma moopsa. Otsogolera ankakumbutsa aliyense kumwa malita atatu kapena anayi a madzi pa tsiku. Iye anachepetsa dala, poopa chimbudzi, chikhalirecho ankamwanso Diamox, mankhwala othandiza thupi kuzolowera pamwamba amene amakodzetsa kwambiri.

Chimene chinamubisa bwino ndi phiri lenilenilo. Pa Kilimanjaro aliyense amatopa, aliyense amachita nseru, chakudya sichilowa, ndipo kutsegula m'mimba ndi nkhani yosekerana pa chakudya cham'mawa. Zizindikiro za Crohn yodzuka zinangosakanikirana ndi madandaulo a gulu lonse. Madzulo aliwonse mtsogoleri wa ulendo, bambo wa ku Moshi komweko amene anakulira pa phirilo, ankamupana kachipangizo pachala koyeza okosijeni ndi kugunda kwa mtima. Kachipangizoko sikaona za m'matumbo. Bamboyo anaona kuti mtima ukuthamanga ndipo anafunsa, "Dada, m'mimba muli bwanji?" Pa fomu anali atawerenga kuti ali ndi Crohn, koma fomuyo inkati matenda ali chigonere. Mtsikanayo anamwetulira n'kunena kuti zonse zili bwino. Bamboyo anangoti pole pole, mawu amene amauza aliyense pa phirilo, oti aziyenda pang'onopang'ono. Akanatani? Munthu wodziwa phiri angakupulumutse pa zimene wamuuza ndi zimene akuziona, basi.

Anadutsa Lava Tower pa mamita 4,600, anatsikira ku Barranco, anakwawa pa khoma la miyala la pamenepo, anafika ku Barafu. Kuchokera pa msasa umenewu anthu amanyamuka pakati pa usiku, tochi pamphumi, kuzizira kofika poumitsa madzi m'botolo, kuti dzuwa likawatulukire cha ku Stella Point. Mtsikanayu sanafikeko. Atayenda maola awiri kapena atatu anakhala pamwala n'kulephera kudzuka. Mimba inali itauma gwa, thupi likutentha m'chisanu chonsecho, ndipo atamuunika anaona magazi pa buluku.

Kubwerera pa phirili si chinthu chachilendo. Mu December 2010 Martina Navratilova, amene anapambana kasanu ndi kanayi pa mpikisano wa tenesi wa Wimbledon posewera yekha, ankakwera Kilimanjaro kusonkhera ndalama bungwe la Laureus. Madzi anadzaza m'mapapo chifukwa cha kutalika kwa phiri, anamutsitsa onyamula katundu, ndipo anakagonekedwa m'chipatala ku Nairobi. Palibe amene anamunena kuti wadya ndalama za anthu.

Pa nkhani ngati izi timakonda kulira wodwala yekha, n'kuiwala amene chinsinsi chake chimawagwera pamapewa. Anyamata onyamula katundu, amene anali atasenza kale matenti ndi zakudya masiku asanu, anamugwirizira mumdima pa nsangalabwi zoterereka mpaka pamene panali machira achitsulo a tayala limodzi, n'kumutsetserekera nawo njira ya Mweka. Mmodzi anabinya bondo. Bondo limenelo ndiye khasu lake, ndipo iye alibe tsamba la intaneti lomusonkhera. Mnzake wa mu tenti uja, amene mayi ake anamwalira ndi khansa ya m'matumbo ndipo ankakwerera iwowo, anatsika naye osaiona nsonga. Mpaka lero amadziimba mlandu chifukwa cha mapiritsi aja, ngakhale anapereka mwa chifundo kwa munthu amene akanatha kukana.

Ku chipatala ku Moshi anamuika madiripi, anamuwonjezera magazi, anayamba atsimikiza kuti si tizilombo ta m'madzi kapena m'chakudya, kenako anamupatsa mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa. Anamubayanso jakisoni woletsa magazi kuundana, pakuti matendawa akadzuka magazi amaundana msanga m'mitsempha, ndipo kutsogoloku kunali ulendo wautali wa pa ndege. Dokotala atafunsa kuti magazi anayamba liti, ananena zoona kwa nthawi yoyamba: milungu isanu asananyamuke. Zinalembedwa mu fayilo. Kampani ya inshuwalansi itawerenga fayiloyo inakana kulipira, ndipo pa lamulo inali isanalakwe. Bilu ya chipatala, tikiti yatsopano, ndi tikiti ya amayi ake amene anachita kuuluka kudzamutenga, zonse zinagwera banja. Azimayi akutchalitchi aja anasonkhanso kachiwiri.

Atabwerera ku Manchester anakhala m'chipatala milungu ingapo. Mbali ina ya matumbo inali itaphinjika ndi kuchita mafinya, ndipo anaidula. Anatuluka ali ndi kabowo pamimba ndi thumba lolandira chimbudzi. Odwala Crohn ambiri amadzafika pa opaleshoni nthawi ina m'moyo wawo, choncho phiri lokha sitingalisenzetse zonse. Koma dokotala wake anamuuza mosabisa kuti matenda ogwidwa sabata yoyamba ndi matenda osiyidwa milungu isanu ndi umodzi, opanda jakisoni, othiridwa ibuprofen, salimbana nawo mofanana.

Ali chigonere m'chipatalamo anatsegula makalata a ulendo aja kuti aone ngati pali choti abweze. Panalibe. Ndalama za bungwe zinali zitalowa kalekale, afike pansonga asafike, ndipo mwa onse amene anapereka palibe anafunsa zake. Pa tsamba lachitatu anapeza ndime imene sanaiwerengepo: wodwala akabweretsa kalata ya dokotala, akhoza kusamutsira malo ake ku ulendo wa chaka chotsatira atalipira kangachepe. Amalume ake ataimba foni sanafunse za phiri. Anafunsa ngati akutha kudya nsima.

Pano wabwerera kuntchito, akudzibaya jakisoni wa mtundu wina chifukwa woyamba uja anasiya kumugwira. Madokotala akuti akaona kuti matumbo apola, adzakambirana zowalumikizanso kuti thumba lichoke. Mwezi uliwonse amabweza pang'ono kwa amayi ake, ndipo kudzera mwa mtsogoleri uja anatumizako ndalama kwa mnyamata wa bondo, amene anakhala nyengo yonse ya alendo osakwera phiri.