Dengu limodzi, mafoni awiri: kugula pa intaneti pamodzi ndi m'bale wa ku Joni

Makolo a ambiri mwa ife anachoka ku Nyasaland kudzakumba m'migodi ya kuno ku Midlands: ku Mvuma, ku Shurugwi, ku Kwekwe, ku Zvishavane. Chumuni chachitali cha mgodi wa Falcon chidakaonekabe munthu akamadutsa pa msewu wa Harare kupita ku Masvingo, koma ntchito za m'migodi zinachepa, ndipo adzukulu awo ambiri anatsika ndi msewu womwewo kukawoloka pa Beitbridge. Lero chakudya cha m'nyumba zambiri chimagulidwa ndi munthu amene ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, pa foni, kudzera pa ma app ngati Malaicha ndi Mukuru kapena pa masamba a masitolo ngati TM Pick n Pay. Wolipira ali kutali, wophika ali kuno. Mikangano yambiri imayambira pamenepa: wotumiza akuti anagula zonse zimene anauzidwa, a kunyumba akuti zafikazo si zimene anapempha. Njira yake ndi yoti onse awiri aone dengu limodzimodzi ndalama isanatuluke.

Yambani ndi ndalama, musanatsegule app iliyonse. Wolipirayo anene poyera kuti mwezi uno angakwanitse zingati, ndipo anene ndalama yake: marandi kapena madola a ku America. Kunena kuti "musapitirire 800" n'kosakwanira, chifukwa amayi kuno amaganiza m'madola pomwe mwana wawo akuwerenga marandi. Afotokozenso ngati ndalamayo ikuphatikiza mtengo wonyamulira. Ambiri amachita manyazi kutchula malire kwa makolo awo, koma manyaziwo amabwerera pambuyo pake, pamene munthu akuchotsa zinthu m'dengu mwakachetechete n'kusiya a kunyumba akudikira mpunga umene subwera.

Kenako mndandanda ulembedwe ndi amene amalowa m'khitchini. Iyeyo ndiye akudziwa kuti ufa watsala wa masiku angati, kuti shuga akadalipo koma sopo watha. Apa m'pofunika kudekha kwambiri, chifukwa zolakwika zambiri zimabadwira pa mawu amodzi. Mukalemba kuti "ufa", wogulayo apeza mitundu yambirimbiri: roller meal, ufa woyera wosalala, thumba la 5kg, la 10kg, la 20kg, ndipo penapake ufa wa tirigu ukhala pafupi pomwepo. Mukalemba kuti "mafuta", sadziwa ngati ndi ophikira a 2 litre kapena odzola. Chinthu chilichonse chikhale ndi dzina lake, kukula kwake ndi chiwerengero chake. Ngati agogo salemba, mdzukulu atenge foni, alowe nayo m'khitchini, ajambule paketi yakale ya tiyi amene agogo amamwa, botolo la Mazoe lija latha, mtanda wa sopo wochapira, n'kutumiza zithunzizo. Chithunzi cha paketi chimathetsa nkhani imene mauthenga khumi sangaithetse.

Mndandandawo ugawidwe pawiri: zimene sizingasowe, ndi zimene zingadikire mwezi wamawa. Izi zimamumasula wolipira. Mitengo ikakwera, adziwa kuti achotse mabisiketi, asakhudze nyemba.

Tsopano dengu lidzazidwe, ndipo lidzazidwe pa foni imodzi yokha, ya amene adzalipire. Anthu awiri akamaika zinthu aliyense kwake, shuga amagulidwa kawiri, mchere n'kuiwalika. Wolipirayo asanaike kanthu, asankhe kaye malo amene katunduyo adzatengedwere kapena kufikitsidwa, chifukwa pa masitolo ambiri mitengo ndi zinthu zopezeka zimasintha malinga ndi nthambi. Makampani ambiri malo awo otengera katundu ali m'matauni akuluakulu, choncho onetsetsani ngati dzina la tauni yathu ya Mvuma lili pa mndandanda wawo. Ngati palibe, kambiranani za Gweru, Masvingo kapena Chivhu, ndipo muwerengere ndalama ya kombi kupita ndi kubwera, kuphatikizapo imene kondakitala adzafune pa matumba a ufa. Nthawi zina mukawerengera bwino mupeza kuti zolemera ngati ufa n'kwabwino kuzigula konkuno ndi ndalama yotumizidwa, dengulo likhale la zopepuka.

Dengu likadzaza, lionetsedwe kwa a kunyumba. Pali njira zitatu, ndipo sizifanana.

Njira yoyamba ndi ya linki. Ma app ena, monga Shein, ali ndi batani logawana dengu: mukalidina, limapanga linki imene mungaitumize pa WhatsApp, ndipo mnzanuyo akaitsegula amaona zimene mwasankha. Masitolo ena, monga Amazon, amalola kugawana mndandanda wa zinthu zimene mwasunga. Mashopu ang'onoang'ono ambiri amagulitsa pa WhatsApp Business, imene kuyambira mu December 2020 ili ndi dengu lake lomwe limapita kwa wogulitsa ngati uthenga. Zonsezi n'zabwino, koma pali msampha umene anthu a ku Joni amauiwala. Kuno ambiri timagula bandulo ya WhatsApp yokha kwa Econet kapena NetOne, ndipo bandulo imeneyo sitsegula linki yopita ku tsamba la sitolo. Amayi adzaidina, foni izingozungulira, ndipo pofuna kusavutitsa mwana wawo adzangoyankha kuti "zili bwino" asanaone kanthu.

N'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa njira yachiwiri, ya screenshot. Jambulani dengu lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, chithunzi ndi chithunzi, kuti dzina la chinthu, kukula kwake, chiwerengero ndi mtengo zioneke. Chithunzi chomaliza chionetse ndalama yonse pamodzi ndi yonyamulira. Zithunzi zimafika pa bandulo ya WhatsApp popanda vuto, ndipo zimatsala m'foni ngati umboni wa zimene munagwirizana. Kwa okalamba, onjezerani voice note yowerenga zinthuzo chimodzi chimodzi m'Chichewa kapena m'Chishona.

Njira yachitatu ndi imene ndikukupemphani kuti musaiyese n'komwe: kupatsana pasiwedi kuti winayo alowe mu akaunti yanu akadzionere yekha. Mu akauntimo muli khadi yanu ya kubanki, adiresi yanu, nambala yanu ya foni. Mlongo wanu ndi wokhulupirika, inde, koma foni yake imagwiridwa ndi ana, imakatchajidwa kwa aneba magetsi akazima, imatha kubedwa. Chimodzimodzinso nambala ija imabwera pa SMS polipira, ndi PIN ya EcoCash: palibe sitolo yoona imene ingakufunseni zimenezi pa foni. Wina akaimba n'kunena kuti katundu wanu wafika koma mum'werengere kaye nambala yabwera pa foni yanu, dulani foniyo. Linki nayonso itsegulidwe pokhapokha yachokera kwa m'bale amene mumakambirana naye za dengulo, ndipo ngati ikupempha kuti mulembe PIN kuti muone katundu, imeneyo si dengu ayi.

A kunyumba akaona zithunzi, ayankhe momveka, chinthu ndi chinthu. Yankho labwino limamveka chonchi: "Achimwene, zonse zili bwino, koma mafutawo mwaika botolo limodzi, tinati awiri. Mpungawo chotsani ngati ndalama yachepa, tili nawo wa 2kg." Wolipira akonze, ajambulenso, atumizenso. Asalipire mpaka atalandira mawu akuti "lipirani". Ndipo izi zichitike tsiku lomwelo. Chinthu kukhala m'dengu sikutanthauza kuti sitolo yakusungirani. Mawa mungapeze chatha kapena mtengo wasintha. Sankhani nthawi imene nonse muli ndi netiweki ndiponso foni zili ndi moto, monga madzulo a Lamlungu. Gwirizananinso pasadakhale chochita ngati chinthu chasowa: alowetse mtundu wina, kapena achisiye.

Polipira pamabwera bokosi lolembamo dzina la wodzatenga katundu, ndipo kwa ife a m'makomboni a migodi bokosi limeneli si laling'ono. Maina athu analembedwa ndi akalaliki amene sankadziwa Chichewa: wina kunyumba ndi Phiri koma pa chitupa analembedwa Piri, wina amadziwika ndi dzina la mfunda pomwe chitupa chili ndi dzina la bambo ake. Ena akadali ndi zitupa zakale zolembedwa kuti ndi alendo, ngakhale malamulo aakulu a dziko a 2013 anazindikira ngati nzika anthu obadwira kuno kwa makolo ochokera m'maiko a SADC, ndipo ena alibiretu chitupa. Pa kauntala sayang'ana nkhope, amayang'ana zilembo. Choncho sankhani munthu amene ali ndi chitupa m'manja, mukopere dzinalo chilembo ndi chilembo monga lilili pa chitupapo, ndipo nambala ya foni ikhale imene ikugwira ntchito, chifukwa uthenga wa nambala ya oda umapita kumeneko. Ngati agogo sangathe kukwera kombi mpaka ku Gweru, musalembe dzina lawo pofuna kuwalemekeza. Lembani la amene adzapitedi.

Zovala ndi nsapato zili ndi nkhani yakeyake. Musadalire zilembo za S, M ndi L, chifukwa sitolo iliyonse imayeza mwakemwake. Tengani tepi, yezani chifuwa, chiuno ndi phazi la mwana m'masentimita, mutumize manambalawo kuti afananizidwe ndi tebulo la masayizi la pa tsambalo. Katundu wotere nthawi zambiri amafikira pa adiresi ya ku South Africa, n'kupatsidwa kwa onyamula katundu kuwoloka malire, monga malayitsha kapena runner, kapena kwa basi yopita ku Harare. Mwayi wa Mvuma ndi woti mabasi amenewa amadutsa pakhomo pathu, koma basi siidikira munthu: wodzalandira akhale ndi nambala ya kondakitala, dzina la basi, ndi chithunzi cha chikwama cha katunduyo. Funsani wonyamulayo ngati mtengo wake ukuphatikiza msonkho wa ZIMRA pa Beitbridge, ndipo mugwirizane amene adzaulipire. Za yunifolomu ya mu January, dengu lidzazidwe mu November, mzere wa pa malire wa nyengo ya Khirisimasi usanayambe. Kubweza chovala chimene chawoloka kale Limpopo n'kovuta, ndiye kuyeza kuja musakupeputse.

Katundu akafika, wotenga atsegule zithunzi za dengu zija ali pomwepo pa kauntala, awerenge chimodzi chimodzi asanasaine: matumba angati, mabotolo angati, tsiku lothera ntchito la mkaka ndi ufa, ngati paketi ya shuga yabooka. Chosowa chinenedwe nthawi yomweyo ndipo chilembedwe pa lisiti. Akatero ajambule katunduyo pamodzi ndi lisitiyo n'kutumiza kwa wolipira, chifukwa akaunti ndi yake ndipo dandaulo ku kampani lidzachokera kwa iye. Zithunzizo zisafufutidwe. Mwezi wamawa mudzayambira pa dengu lomweli, n'kungochotsa zimene zidakalipo m'khitchini ndi kuonjezera zimene zatha.