Nyimbo ya Madzi Osefukira

M'chaka cha 1927 mtsinje wa Mississippi, ku America, udasefukira koopsa. Makoma a dothi omwe adamangidwa m'mbali mwake kuti atchinge madzi adagumuka. Minda ya thonje idamira, nyumba zidakokoloka, anthu miyandamiyanda adasowa pogona. Ambiri mwa iwo adali anthu akuda osauka, olima m'minda ya eni ake. Mumzinda wa Greenville amuna akuda adawakakamiza kugwira ntchito pa makomawo, asilikali akuwalondera ndi mfuti.

Mu 1929 mayi Memphis Minnie ndi amuna awo, a Kansas Joe McCoy, adajambula nyimbo yonena za tsokali, yotchedwa "When the Levee Breaks". Bambo ndiwo ankaimba, mayi akutsogolera pa gitala. Mawu ake ndi a munthu amene mvula yamukanira kuleka, khoma latsala pang'ono kugwa, ndipo alibe kolowera.

Nyimbo yotereyi imatchedwa blues. Kuizindikira n'kosavuta. Woimba amatchula mzere umodzi, amaubwereza, kenaka amaponya mzere wachitatu woyankha iwiri ija. Gitala naye amayankha woimbayo pakati pa mizere. Koma musayese kuti ya a McCoy ndi yozizira ngati ya pamaliro. Imathamanga ndithu, zala zikudumphadumpha pa zingwe, pomwe mawu akulira.

Patatha zaka zoposa makumi anayi, nyimboyi idagwera m'manja mwa anyamata anayi a ku England, a gulu loimba nyimbo za rock la Led Zeppelin. Robert Plant ankaimba, Jimmy Page ankaliza gitala, John Paul Jones besi, John Bonham ng'oma. Adaiika kumapeto kwa chimbale chawo chachinayi cha 1971. Mawu ambiri adawasiya momwe adalili, koma Plant adawonjezamo za kuthawira ku Chicago, komwe anthu akuda ambiri a kumwera ankapita kukafuna ntchito.

Nanga blues imasanduka bwanji rock? Anyamatawa adayamba ndi kuibweza liwiro kuti iziyenda molemera. Magitala adawalumikiza ku magetsi ndi ku zokuzira mawu. M'malo mosinthasintha kamvekedwe monga mwa blues, adakakamira pa kamodzi kwa nthawi yaitali, kuti womvera azimva ngati chinthu chikungomukankha osaleka. Nyimbo ya mphindi zitatu idafika mphindi zisanu ndi ziwiri.

Luso lenileni lili pa ng'oma. Ankajambulira m'nyumba yaikulu yakale yotchedwa Headley Grange. Katswiri wojambula mawu, Andy Johns, adaika ng'oma za Bonham pansi pa masitepe okwerera m'chipinda cham'mwamba. Mamaikolofoni awiri adawakoleka pamwamba, kutali ndi ng'omazo. Mukaomba m'manja m'tchalitchi chopanda anthu, mawu amagunda makoma n'kubwerera ali okulirapo. Ndi zomwe zidachitika apa: maikolofoni ankatola ng'oma pamodzi ndi mawu obwerera a nyumba yonse. Johns adawonjezera kamakina kobwereza mawu, ndipo pambuyo pake tepi adaiyendetsa pang'onopang'ono kuti zonse zimveke za besi. Ng'oma zimenezi zidatchuka moti magulu ena, monga Beastie Boys mu 1986, adazidula n'kuziika m'nyimbo zawo.

Pa chimbalepo dzina la mayi Minnie lidalembedwa pakati pa opeka nyimboyi. Apa adachita bwino, ngakhale la a McCoy adalisiya. Sikuti gululi linkatero nthawi zonse. Pa nyimbo ina, "Whole Lotta Love", a Willie Dixon, katswiri wa blues, adachita kukasuma ku khoti mu 1985 chifukwa gululi lidagwiritsa ntchito mawu awo, ndipo nkhaniyo idathera pokambirana.

Ngati muli ndi foni ya intaneti, mverani nyimbo ziwiri zonsezi, kuyambira ya 1929. Werengani kuti mzere woyamba ukubwera kangati, ndipo mutchule zida zomwe mukuzimva mu ya 1971 koma mulibe mu yakale ija.