Phunziro 6: Abwenzi Athu Osaoneka a M'nthaka

Cholinga: Kudziwa mdani amene amaononga mizu ya mbewu zathu ndiponso abwenzi amene Mulungu anawayika m'nthaka kuti atithandize.

Tione

Ambiri a ife tinaonapo tomato, therere kapena fodya akufota masana chonsecho tathirira bwino m'mawa. Tikazula, timapeza mizu yatupatupa ngati mikanda. Matendawa amabwera ndi tinyongolotsi tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, totchedwa manematodi. Timalowa mu muzu, timayamwa chakudya, ndipo kakakazi kamodzi kamayikira mazira mazanamazana. Muzu wotupa sungathe kukoka madzi ndi feteleza. Choncho ndalama za mlimi zimangopita pachabe.

Tisasokoneze zotupazi ndi timibulu ta pa mizu ya nyemba, soya ndi mtedza. Timibuluto n'tabwino, timawonjezera chonde, ndipo timathothoka tikatikhudza ndi chala. Chotupa cha manematodi sichithothoka chifukwa ndi muzu weniweniwo umene watupa.

Tiganize

Kale alimi a fodya ankaphera tizilomboti mu nazale ndi mankhwala a methyl bromide. Mankhwalawa ankapha zoipa ndi zabwino zomwe, komanso ankaononga mpweya wa kumwamba umene umatiteteza ku dzuwa. Potsatira pangano la ku Montreal la 1987, mayiko osauka anayenera kuwasiya pofika 2015.

Koma m'nthaka muli mitundu ina ya chuku, abale ake a bowa, imene imadya manematodi. Chuku cha Arthrobotrys chimatchera timaukonde tomata ndi kukola kanyongolotsi. Cha Pochonia ndi cha Purpureocillium chimalowa m'mazira ndi kuwaononga asanaswe. Cha Trichoderma chimakhala pa mizu ndi kuithandiza kulimba. Ichi sindicho chuku chija choopsa cha pa mtedza ndi chimanga chonyowa.

Buku la Genesis 2:15 limatikumbutsa kuti munthu anapatsidwa munda kuti aulime ndi kuusamalira. Kusamala kumeneku kukukhudzanso zamoyo zimene sitiziona.

Tichitepo Kanthu

1. Tithire manyowa owola bwino kapena kompositi, pakuti ndicho chakudya cha chuku chabwino.
2. Tisatenthe mapesi m'munda. Tiwakwirire.
3. Tizule mizu yodwala tikakolola ndi kuitentha padera.
4. Tisabzale tomato, fodya kapena therere pamalo amodzi chaka ndi chaka. Tichite kasinthasintha.
5. Tiyang'ane mizu ya mbande tisanagule kapena kuwokera.
6. Ngati tikufuna kugula chuku chokonzedwa kale, tiyambe tafunsa mlangizi wa zaulimi. N'chamoyo, ndipo chimafa chikakhala padzuwa.

Abwenzi amenewa sagwira ntchito tsiku limodzi, ndiponso samaliza manematodi onse. Amangowachepetsa pang'onopang'ono kuti mbewu zithe kubereka.

Mafunso Okambirana mu Mphakati

1. Ndani mwa ife anaonapo mizu yotupa m'dimba mwake? Anachitapo chiyani?
2. Kodi madimba athu oyandikana tingawasamale bwanji pamodzi kuti matenda asafalikire ndi mbande?
3. Kodi mabanja amene alibe ziweto tingawathandize bwanji kupeza manyowa?