Posankha Ntchito ya Mapulogalamu a Kompyuta ku America Muli pa Viza ya H-1B

Munthu amene anaphunzira luso lolemba mapulogalamu a kompyuta, napambana mayeso a makampani awiri kapena atatu a ku America, nalandira makalata omuitana kukayamba ntchito, amayesedwa wodala ndi abale ake onse. Ndipo ndi wodaladi, pakuti si ambiri amene makomo otere amawatsegukira. Koma ngati munthuyo akukhala m'dzikomo pa viza ya H-1B, kusankha kwake sikulingana ndi kwa mnzake amene ali mbadwa, popeza mbadwa ikachotsedwa ntchito imataya malipiro okha, pamene mlendo, amene chilolezo chake chokhalira m'dziko chinamangidwa pa dzina la womulemba ntchito, amatha kutaya malipiro, nyumba ndi sukulu ya ana ake pa nthawi imodzi. Tsono inu amene makalata otere ali m'manja mwanu, musanawerenge madola, yambani mwawerenga miyezi imene yakutsalirani.

Chiwerengero chake n'chotere. Viza ya H-1B imaperekedwa kwa zaka 3, ndipo imatha kuwonjezeredwa zina 3, zonse pamodzi zaka 6. Kusintha kampani sikubwezera zakazo pachiyambi, ndipo zimene munadyera kwa bwana woyamba zinapita, kupatula masiku amene munali kunja kwa America, amene mungapemphe kuti akubwezereni. Njira yopitirira malire amenewa ndi yakuti ulendo wa green card, chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, ukhale utayambika nthawi ikadalipo: pempho lake likakhala litaperekedwa masiku 365 m'mbuyomo, viza imawonjezeredwa chaka ndi chaka pamene mukudikira yankho. Lembani papepala tsiku limene zaka zanu 6 zidzathe, ndipo pepalalo likhale pambali pa makalata onse amene mukuwayerekeza.

Mukatero, funsani kampani iliyonse za green card, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ulendowu uli ndi zipata zitatu. Choyamba ndi PERM, pamene kampani imasonyeza ku Department of Labor, unduna wa zantchito, kuti inalengeza ntchitoyo koma sinapeze mwini dziko woyenera amene akuifuna; chipata chimenechi chokha, kuphatikizapo kudikira kuti boma litchule malipiro oyenera ntchitoyo, chakhala chikudya nthawi yoposa chaka. Chachiwiri ndi pempho la I-140, limene limapita ku USCIS, ofesi ya boma yoona za olowa m'dziko, ndipo chachitatu ndi I-485, limene mumapereka inu eni malo anu pamzere wodikira green card akafika. Makampani ena amayamba PERM munthu atangogwira miyezi yowerengeka, ena amadikira chaka chathunthu, ndipo ena amangonena ndi pakamwa kuti adzaona. Kwa munthu amene watsala ndi zaka ziwiri, kusiyana kumeneku n'kumene kudzaweruze ngati adzakhala kapena adzalongedza katundu. Musachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula: adzayamba mwezi uti, ndani adzalipira maloya, ndipo kodi angalembe lonjezolo m'kalata? Dziwani kuti ndalama zoyendetsera PERM lamulo linaziika pamutu pa kampani, ndipo amene akufuna kuzidula pa malipiro anu wadzionetsa kale khalidwe lake.

Ngati kumene mukugwira tsopano ulendowu unayambika kale, onani pamene wafika musananyamule phazi. Mukachoka I-140 isanavomerezedwe, zonse zimayambiranso, ndipo tsiku lanu la pamzere limatayika. Koma ikavomerezedwa, tsikulo mumapita nalo kulikonse, ngakhale kuti kampani yatsopano idzayenera kuchitanso PERM yakeyake. Nthawi zina kupirira miyezi ingapo pa ntchito yotopetsa kumaposa malipiro okwera a kwina. Kumbukiraninso kuti mzere wa green card umayendera dziko limene munthu anabadwira, ndi kuti dziko limodzi silipatsidwa zoposa 7 pa 100 za malo a pachaka. N'chifukwa chake anzathu obadwira ku India amadikira zaka zambirimbiri, pamene wobadwira ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique mzere wake ndi waufupi kusiyana ndi umenewo. Uphungu wa anzanu a ku India muumvere mwaulemu, koma musautenge wonse monga wanu; komanso, popeza malamulo okhudza nzika za mayiko athu asinthasintha kuyambira 2025, loya ndiye akuuzeni mmene zinthu zilili pa tsiku limene mukusankha.

Chotsatira ndi kuyesa kulimba kwa kampaniyo. Munthu wa H-1B akachotsedwa ntchito ali ndi masiku osaposa 60 oti apeze womulemba wina, kapena asinthe mtundu wa viza, kapena atuluke m'dziko; ndipo masiku 60 ndi ochepa zedi pa ntchito imene mayeso ake olowera amatenga milungu ingapo. Dzina lalikulu si linga, pakuti mu November 2022 kampani ya Meta inachotsa antchito 11,000, ndipo mu January 2023 Google inalengeza zochotsa 12,000, Microsoft 10,000. Choipa china n'chakuti kampani imene yachotsa anthu pa ntchito yofanana ndi yanu m'miyezi 6 yapitayo imakakamizidwa kuyamba yaganizira ochotsedwawo isanapereke PERM, motero ena amangoimitsa ulendowo, ndipo inu, ngakhale ntchito muli nayo, zaka zanu zikutha. Komabe kampani yaikulu ili ndi zabwino zimene sitingazikane: ili ndi maloya ozolowera nkhanizi, ili ndi magulu ambiri amene mungasamukireko lanu likathetsedwa, ndipo ina ili ndi maofesi ku Canada kapena ku London kumene ingakutumizeni zikavuta. Kampani yaing'ono yongoyamba kumene imaphunzitsa zambiri m'kanthawi kochepa, koma ifunseni poyera kuti ndalama zimene ili nazo zingaifikitse miyezi ingati, ndiponso ngati inayendetsapo H-1B kapena green card ya munthu wina, popeza pa I-140 idzayenera kusonyeza boma kuti ingathe kukulipirani. Department of Labor imasindikiza poyera mayina a makampani amene anapereka mapempho otere pamodzi ndi malipiro amene anatchula, ndipo aliyense angawaone pa intaneti.

Tsopano mukhoza kuwerenga madola, koma muwawerenge mowagawa. Malipiro a pamwezi ndiwo anu enieni. Masheya amene amalonjezedwa m'kalata kawirikawiri amaperekedwa pang'onopang'ono pa zaka 4, ndipo m'makampani ambiri munthu salandirako kanthu kufikira atakwanitsa chaka, pamene masheya a kampani yongoyamba kumene nthawi zambiri sagulitsika kufikira kampaniyo itagulidwa kapena italowa pamsika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama ya chikoka imene amapereka posaina nayonso ili ndi chingwe, chifukwa makalata ambiri amati muibweze mukachoka chaka chisanathe. Yerekezaninso kudula kwa malo: nyumba ya ku San Francisco ndi yokwera mtengo kuposa ya ku Austin, ndipo boma la California limadula msonkho wakewake pa malipiro pamene Texas ndi Washington sadula. Onani inshulansi ya kuchipatala, makamaka ngati muli ndi banja, podziwa kuti mkazi kapena mwamuna wanu amene ali pa viza ya H-4 nthawi zambiri saloledwa kugwira ntchito kufikira I-140 yanu itavomerezedwa. Mpaka tsiku limenelo malipiro amodzi ndiwo adzadyetse nyumba yanu, kulipira lendi, ndi kufikanso kwa makolo ndi ana asukulu amene akuyang'ana kwa inu kumudzi.

Pali misampha iwiri imene ndingoitchula mwachidule. Viza yanu inalembedwa pa dera limene mumagwirira ntchito, kotero kuti ngakhale akuloleni kugwirira kunyumba, kusamukira mzinda wina wakutali kumafuna kuti kampani ipereke pempho lokonzedwanso. Ndipo ngati viza yanu munaipeza kudzera ku yunivesite, kumene salowa m'maere a H-1B a malo 65,000 ndi ena 20,000 a pachaka, kupita kukampani yamalonda kudzafuna kuti muyambe mwalowa m'maerewo.

Potsiriza, samalani kachokedwe kanu. Mukasankha, vomerani kumodzi kokha, pakuti mapanga awiri avumbwitsa. Koma musatule pansi ntchito yakale pa mawu a patelefoni. Lamulo la m'chaka cha 2000 limakulolani kuyamba kwa bwana watsopano akangopereka pempho la I-129 ku USCIS, ndipo umboni wake ndi kalata yosonyeza kuti pempholo lalandiridwa. Komabe, popeza pempho lingathe kukanidwa inu mutachoka kale, ndi nzeru kupempha kampani kuti ilipire njira yachangu ya premium processing, imene imabweretsa yankho m'masiku 15 ogwira ntchito, ndi kudikira chivomerezo. Musakwere ndege kutuluka m'dziko pempho lili m'njira osafunsa loya. Kampani imene simunaisankhe muiyankhe ndi kalata yaulemu ndi yothokoza, chifukwa tsiku lina mungadzagogodenso pakhomo lomwelo. Sungani kunyumba kwanu makope a makalata onse a I-797 ochokera ku USCIS, a I-94 osonyeza nthawi imene mwaloledwa kukhala m'dziko, ndi mapepala a malipiro a mwezi ndi mwezi, chifukwa tsiku lochotsedwa ntchito kompyuta ya kuofesi imatsekedwa nthawi yomweyo. Ndipo popeza loya wa kampani amalipidwa ndi kampani, pezani wanuwanu wodziwa malamulo olowera m'dziko, mumulipire ngakhale ola limodzi lokha, ndipo awerenge kalatayo pamodzi ndi inu musanaikepo dzina lanu.