Madzi a mvula asagone m'mbali mwa nyumba

Phunziro la lero ndi la madzi amene amaima pafupi ndi maziko a nyumba. Kuno ku Angónia ndi ku Tsangano mvula imagwa kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo nyumba zambiri ndi za njerwa zosaotcha. Chipupa chotere chimayamwa madzi kuchokera pansi. Mukaona m'munsi mwake mwada, dothi likuyoyoka, dziwani kuti maziko ayamba kufewa, ndipo chipupa chingagwere ana ali mtulo.

Chinyezi chimabweretsanso nkhungu, imene imavutitsa anthu a mphumu ndi chifuwa. M'zithaphwi namo mumaswana udzudzu wa malungo. Kukatentha, dzira lake limasanduka udzudzu pa masiku 7 mpaka 10 okha.

Tichite chiyani? Kwezani khonde ndi dothi, mulitsendere bwino, lipendekere kunja. Pamene madzi a padenga amagwera, yalani miyala kuti asakumbe. Kenako kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba, mapazi angapo kuchokera pachipupa, izungulire nyumbayo ndi kutsikira kumunsi. Ambiri amakumba ngalande yosatsetsereka, ndiye imangosanduka chithaphwi china.

Madziwo akathere m'dzenje lodzaza miyala kapena pa nthochi. Musawalozetse kwa mnansi, kuchitsime kapena kuchimbudzi, chifukwa chimbudzi chikasefukira kolera ili pafupi.

Maenje amene munaumbiramo njerwa akwiriridwe. Mvula ikakata, tulukani ndi khasu mukachotse zinyalala m'ngalande.