Makina Ophunzira Kusankha Njira

Anzanga, nali funso la masamu limene poyamba lioneka lapafupi. Wamalonda wina wa ku Liwonde afuna kufikitsa katundu wake pa galimoto ku misika inayi: Ntaja, Nsanama, Ulongwe ndi Balaka. Kodi ayambe kuti ndi kutsiriza kuti, kuti asaononge mafuta ambiri? Mukawerenga bwino mudzapeza kuti angathe kutsatanitsa misikayo m'njira 24. Koma misika ikakhala 10, njira zifika 3,628,800. Ikakhala 20, ngakhale kompyuta yoyesa njira miliyoni imodzi pa sekondi iliyonse idzatha zaka zoposa 77,000 isanatsirize. Pamenepo galimoto ija idzakhala itadyeka kale ndi dzimbiri!

Tsono achita bwanji akatswiri? Taonani madoda amene asewera bawo pansi pa mtengo wa mango. Bawo lili ndi maenje 32, ndipo chimene munthu achita pa dzenje limodzi chibala njira zina zambirimbiri kutsogolo. Koma mkulu wozolowera sawerenga zonse ai. Angoyang'ana kamodzi, nataya pomwepo njira zopusa, nalingalira ziwiri kapena zitatu zokha. Maso ake anaphunzira pa masewera ochuluka amene anawaona kale.

Nzeru yomweyi aipatsa makina masiku ano. Awaonetsa zitsanzo zambiri za mafunso amene anayankhidwa kale, kufikira makinawo azolowera maonekedwe a njira yabwino, nayamba kufunafuna kumene kuli chiyembekezo kokha. M'chaka cha 2016, mu mzinda wa Seoul, pulogalamu yotchedwa AlphaGo inagonjetsa katswiri Lee Sedol kanayi pa masewera asanu a Go, amene njira zake zichuluka koposa za bawo. Inayamba yaphunzira pa masewera a anthu, pambuyo pake inasewera yokha ndi yokha nthawi zosawerengeka.

Komabe tisanyengedwe. Makina otere angoganizira monga achitira mkulu wa bawo uja. Njira imene apereka ikhala yabwino, koma salonjeza kuti iposa zonse. Ndiponso adziwa zokhazo zimene anaonetsedwa. Ngati anaphunzira pa maulendo a m'chilimwe, adzamtumiza wamalonda wathu pa msewu wafumbi m'mwezi wa Febuluwale, mvula itakokolola mlatho, pakuti palibe anawauza za dzinja.