Usapemphe mbewu m'munda umene sunauone

Iwe amene wayamba kulima pawekha chaka chino, usanabzale kanthu uzidzifunsa kuti: mbewu iyi yachokera ku duwa, kapena yadulidwa pa thupi la make?

Chimanga chili ndi makolo awiri. Mungu umachoka ku ngayaye, mphepo n'kuuwaza pa ndevu, ndipo ndevu iliyonse imabereka njere imodzi. Koma mphepo sidziwa malire a munda. N'chifukwa chake umapeza njere zachikasu m'chimanga chako choyera pomwe wabzala chachikasu ndi mnansi. Ukabwereza mbewu ya haibulidi ya chaka chatha, ana ake amatuluka osiyanasiyana, ena aatali ena onyentchera, zokolola n'kutsika. Peyala nalonso ndi chimodzimodzi: njere ya peyala lokoma ikhoza kukudikiritsa zaka zambiri n'kukupatsa lamadzimadzi. Gula mbande yomezanitsa. Ndipo pothyola chiluwe cha ndiwo uzisiyako maluwa ena aamuna, opanda kadzungu kunsi kwake, kuti njuchi zipeze mungu.

Chinangwa, mbatata, mzimbe ndi nthochi timabzala chidutswa cha mayi. Mwana amatengera make zonse, kukoma kwake, msinkhu wake, ngakhalenso matenda ake. Apa ndi pamene ambiri timagwera, poti mbewu yotereyi timangopemphana. Funsa akuluakulu a ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay zimene chisaka, matenda a nthochi, chinachita kuyambira zaka za m'ma 1990. Nsabwe za nthochi zinkafalitsa matendawo m'minda yoyandikana, koma maulendo ataliatali chisaka chinkayenda panjinga, m'ana a nthochi opatsana mwachikondi. Kamwanako kamaoneka bwinobwino pokabzala. Kenako masamba amatuluka aafupi, oimirira, othithikana pamwamba, mkoko osauona. Mankhwala ake palibe, koma kuzula phata lonse.

Chinangwa nacho mtengo wake ukadulidwa n'kumangidwa mtolo suulula kanthu. Matenda a khate la chinangwa amaonekera pa masamba, opiringizika ndi a mawanga achikasu, ndipo pamtolo masambawo palibe. Choncho pita kumundako chinangwa chikadali chiimire, uyende mzere ndi mzere, usankhe wekha mitengo yokhwima ya masamba osalala.

Wokupatsa mbewu angakhale malume ako enieni, usachite manyazi kunena kuti, “Amalume, ndiloleni ndikaone kaye kumunda.” Ukakayika, itana alangizi adzaone usanakumbe dzenje.